Foni ya Bambo Ili M'kabati

Loweruka, 8 Ogasiti

Ndafika masana. Mpando wa bambo ukadali pawindo. Iwo aonda. Achimwene anenepa ngati akudyera anthu awiri. Mlamu yemwe uja, kuyankhula uku akupukuta kanthu.

Ganizo langa ladutsa: sabata yonse ya tchuthi changa, mafoni onse m'kabati ya mbale. Chaka chathunthu ndikuyankha mafoni a anthu odandaula za madzi, makutu atopa. Achimwene akhoma, kiyi apatsa akazi awo. Ya bambo nayo yalowa, kaja kamabatani. Mlamu anati, "Ya bambo isiyeni, mlamu." Ine ndati lamulo ndi lamulo.

Bambo andilonjera mwaulemu wonse. "Mwayenda bwanji, mayi?" Achimwene anandiuza kale kuti mutu wa bambo wayamba kutaya zinthu. Pafoni sizimveka.

Lamlungu, 9 Ogasiti

Dzanja likungopita lokha m'thumba. Mulibe kanthu. Tasewera makadi, achimwene akubera ngati kale. Ndawenga bambo zikhadabo. Athokoza, kenako afunsa ngati ndine wa kuchipatala.

Lachiwiri, 11 Ogasiti

Tulo tabwino. Khosi lasiya kuwawa. Ndazindikira kuti wotchi ya pabalaza inaima kalekale ndipo palibe amene zikumukhudza.

Tikadya masana bambo sagona. Amakhala pawindo, dzanja lili pathumba la shati. Ndiyo nthawi imene ndimawaimbira ndikapuma kuntchito, tsiku lililonse chimwalirireni amayi. Lero andiuza ineyo: "Mwana wanga wamkazi saphonya kuimba. Kaya chamugwera n'chiyani." Ndati ndine, bambo, ndili pano. Aseka pang'ono, mmene munthu amasekera nthabwala ya mlendo.

Lachitatu, 12 Ogasiti

Ndayesa zithunzi zakale. Ndayesa chipsera cha pabondo, cha tsiku lija anandiphunzitsa njinga. Achiyang'ana, apepesa kuti ndinavulala. Basi.

Chakudya abweza osakhudza. Mlamu wachichotsa, mbale zalira posinki.

Lachinayi, 13 Ogasiti

Bambo sanadye chidyereni dzana. M'mawa achimwene awapeza pageti, jekete yaukwati, nsapato zosiyana. Akuti akukafuna mwana wawo, mwina wagona m'chipatala ndipo anthu akuwabisira. Kuwabweza inali nkhondo. Achimwene alira kuseri kwa nyumba, akuyesa sindinawaone.

Mlamu waika kiyi patebulo, pafupi ndi kapu yanga. Kiyiyo ndamusiya pomwepo tsiku lonse.

Ndakwiya, kaya ndakwiyira ndani. Ndabwera ndi thupi langa lonse, msana kuphwanyika m'basi, ndiye iwo akufuna kamawu ka m'thumba la shati. Zikundiwawa, ndisaname.

Lachisanu, 14 Ogasiti

Ndatsegula kabati. Mlamu watchaja ya bambo, wawaikira m'thumba. Yanga yadzuka ndi mauthenga a kuntchito mbwee. Sindinawerenge ndi umodzi womwe.

Titaika chakudya patebulo ndalowa m'bafa, ndatseka chitseko. Mpando wa bambo uli kuseri kwa khoma lomweli. Ndawaimbira, foni yaitana kamodzi kokha.

"Kamphuno! Unali kuti iwe?" Dzina limenelo sindinalimve sabata yonseyi. Mawu amphamvu, a bambo enieni. Ndimawamva kawiri, pafoni ndi pakhoma. Afunsa za abwana anga, za denga lija limadontha, ngati ndikudya mokwanira. Zonse akukumbuka.

Kenako atsitsa mawu: "Kuno kwabwera mayi wina. Waulemu ndithu, koma sakuchoka. Iwe ubwera liti?"

Ndati ndili m'njira, bambo.

"Usathamange. Ndili pompano."

Ndikulemba nditakhala m'mphepete mwa bafa. Mlamu wagogoda, akuti bambo apempha chakudya, mbale yaikulu. Kwatsala mawa lokha, basi ndi ya mkuja.

Ndisambe kumaso kaye. Mayi uja akawapatse chakudya.