Nkhalamba Yanga pa Madigiri 97

Lolemba, 6 Okutobala

Nkhalamba yazima katatu lero. Katatu! Kompyuta yoti ndinailumikiza ndekha ndi manja angawa, chidutswa ichi kwa uyu, chidutswa icho kwa uje, miyezi isanu ndi inayi ndikutolera zimene anthu anatopa nazo. Lero ikundichititsa manyazi m'chipinda changa chomwe.

Ndipo yasankha sabata yake. Loweruka ndili ndi mayeso olowera m'timu ya gemu ya nkhondo ija. Malo atsala amodzi, ofuna tilipo awiri, ine ndi Chipewa, uja savula chipewa ngakhale pa chithunzi cha chiphaso. Magemu atatu, 2 koloko masana. Kaputeni wa timu walemba: "Mavu, ukazimanso pakati pa gemu usadzandilemberenso." Mavu ndi dzina langa la m'gemu. Ulendo uja anali magetsi, koma chabwino, ndasunga.

Vuto ndi liwiro. Purosesa, ubongo wa Nkhalamba, inabadwa ikuyenda 3.6, ndipo mabomba akaphulika ambiri zithunzi zimadumphadumpha ngati munthu woponda phula lotentha. Ndiye ndinati ovakiloki basi, ndiikankhe ifike 4.2. Koma ukaithamangitsa imatentha, n'chifukwa chake Loweruka lapitali ndinaika chozizitsira chatsopano, chitsulo cha mapikomapiko ndi fani yake. Pesiti wothandiza kutentha kuwoloka ndinapaka kadontho kamodzi pakati, masikuluwu ndinamanga mopingasa. Ntchito yaukhondo. Sindinayese tsiku lomwelo chifukwa ndinapita kwa Mayi, ndabwera lero.

Ndayatsa, ndaika 4.2, ndalowa gemu. Mphindi zinayi, madigiri 97, sikirini yonse buluu, yazima.

Ndili mutu uli m'manja, Asisi akusuzumira pakhomo, akumwetulira ngati abweretsa mphatso. "Waona mmene yayerera? Alamu ako dzulo anakuchotsera fumbi ndi chopemerera chawo chija."

Chopemerera cha mafiriji. M'mimba mwa Nkhalamba yanga.

Ndinangoti, "Oo." Asisi akuidziwa "oo" ameneyo. Anatseka chitseko pang'onopang'ono.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Sindinawapatse moni Alamu. Iwo anati, "Mwadzuka bwanji, Mlamu?" ine ndinayankha ketulo.

Kuti ndisaiwale, milandu yawo ndi iyi. Woyamba, tsiku limene zotsatira za folomu 4 zinatuluka fizikisi nditagwa nayo, iwo n'kunena kuti, "Basi, Mlamu, za mawayazi tisiyireni ife." Papita zaka zinayi, ndikukumbukira ndi malaya amene anavala. Wachiwiri, anauza alendo kuti Nkhalamba ndi "wailesi ya Mlamu". Wachitatu ndi uwu. Munthu amakonza mafiriji ndi mawailesi kuseri kwa nyumba, akuona ngati chilichonse cha pulagi ndi m'bale wake.

Ndatsitsa pa 4.0. Madigiri 95, yazima.

Pa gulu la pa foni wina anati vuto ndi voteji, mphamvu ya magetsi, purosesa ikumva njala, ndiwonjezere. Ndinawonjezera kufika 1.35. Nkhalamba inangoti phethi, mdima. Kudina batani, fani ikuzungulira, sikirini bii. Kudinanso, bii. Ndinachotsa kabatire kaja konga kandalama, kamene kamasunga zonse zimene wasintha, ndinawerenga mpaka 300 ndikulonjeza Mulungu zinthu zoti sindingakwanitse, n'kukabwezera. Yadzuka. Yabwerera pa 3.6 ngati sinachitepo kanthu, nkhalamba yopanda manyazi.

Uja wa voteji ndamuchotsa pa anzanga.

Koma tamverani izi. Ngakhale pa 3.6 pomwepo ikufika 88. Ndi kafani kakale kaja, kolira ngati njuchi, inkathera pa 75. Chozizitsira chachikulu chatsopano chingaposedwe ndi kakale? Ndiye kuti pali chimene anagwedeza ndi chimphepo chawocho. Umboni ndi umenewu. Kakaleko sindingabwezere, ndinakathyola mwendo pokachotsa.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ndatsegula chivindikiro cha m'mbali, ndatenga fani ya pabalaza n'kuilozetsa m'kati. Yatsika ndi madigiri awiri. Awiri okha. Asisi akudzikupiza ndi chivindikiro cha poto pa sofa, akuti, "Ife tipse kuti wailesi izizidwe?" Nawonso ayamba kunena wailesi. Matenda opatsirana.

Masana Alamu anagogoda. Chitseko chinali chotsegula koma anaima pamzere penipeni, zala za kumapazi zokha zitalowa.

"Mlamu, ndamva kuti ndapha munthu."

Ine maso pa sikirini.

"Ndinangopemerera chapatali. Sindinamasule kanthu."

Ndinapitiriza kudina mabatani ngati sindinamve.

"Chabwino. Koma ikamati 97, mudzagwireko chitsulo cha mapikocho. Chikakuotchani, ndiye kuti chikugwira ntchito, mlandu ndi wanga. Chikakhala chozizira, ndiye kuti moto sukuwoloka. Pali china chatchinga pakati."

Ndinati, "Iyi si firiji."

"Kutentha sikudziwa zimenezo," anatero, n'kumapita akuimba mluzu.

Mluzu! M'nyumba ya maliro.

Lachinayi, 9 Okutobala

Sindigwira. Ndigwire chifukwa anena ndani?

Masana. Tinali ndi gemu yokonzekera ndi timu. Ndinaika 3.8 ndikupemphera. Ndinagwetsa adani atatu motsatizana, Kaputeni mpaka anakuwa, "Mavu aluma!" Kenaka buluu. Pobwerera ndapeza Chipewa walemba pa gulu: "Tisonkhe timugulire makandulo." Anthu asanu ndi mmodzi aseka. Mayina awo ndalemba kumapeto kwa bukuli.

Kaputeni wangolemba kuti, "Loweruka." Palibe china.

Madzulo. Ndagwira. Sikirini ikuti 96, chitsulo chili zii ngati mpope wa m'mawa.

Sizikutanthauza kanthu.

Lachisanu, 10 Okutobala

Ndilembe bwanji izi?

M'mawa ndinadikira Asisi apite kumsika, Alamu ayambe kugogoda zitsulo zawo kuseri. Ndinakhoma chitseko, ndinamasula masikuluwu anayi aja, n'kuzula chozizitsira. Cholinga changa chinali kupeza chimene iwo anawononga, ndikachiike pa tebulo nthawi ya chakudya, pakati pa mbale.

Ndinachitembenuza. Pansi pake pakunyezimira modabwitsa. Ndinakanda ndi chikhadabo pakona. Panatukuka kanthu.

Kapulasitiki. Koonekera, kopyapyala, kamene amamata ku fakitale kuti chitsulo chisakandike. Kali ndi malemba ofiira, akuluakulu ngati a pa chipata cha agalu olusa, onena kuti chotsani musanamange. Ndipo pamwamba pa malembawo pali pesiti wanga, atafalikira bwinobwino, mozungulira, mwaukhondo. Ndinapaka pesiti pa pulasitiki. Masiku onsewa Nkhalamba yakhala ikuthamanga itavala jasi la mvula.

Ndinakhala pansi. Ndinayang'ana kudenga. Ndinayesa kuganiza njira imene chopemerera chingalowetsere pulasitiki pansi pa masikuluwu anayi omanga. Ndinayesetsa ndithu, mphindi khumi. Palibe.

Chabwino, ndinati, palibe wandiona. Ndipukuta, ndipaka wina, ndimanga, ndidzati yachira yokha. Ndinatenga kachubu ka pesiti. Kofinyika kale ngati mankhwala a mano a kumapeto kwa mwezi. Kanali kongopakira kamodzi.

Ndinathamangira ku kashopu ka zida za makompyuta. Chitseko chotseka, pepala pagalasi: tapita kumaliro, tidzatsegula Lolemba. Lolemba! Womwalirayo analephera kudikira sabata imodzi?

M'dera lonse lino ndikudziwa chubu chimodzi chokha cha pesiti woyera uja. Chimakhala m'bokosi la zida la buluu la Alamu, amapakira tizitsulo ta m'mawailesi tikamatentha. Ndinachionapo. Ndinazungulira nyumba kawiri. Ndinaganiza zoba. Koma bokosilo anali atalikhalira.

"Alamu."

Liwu linatuluka ladzimbiri. Iwo anatulutsa mutu kuseri kwa firiji ya munthu.

"Ii, kodi mumalankhula? Ndimayesa nanunso mwazima."

"Ndimafuna pesiti. Pang'ono."

"Mwamasula?"

"Ndangoyang'anamo."

"Mwapezamo chiyani?"

"Palibe."

Anandiyang'ana nkhope, kenaka maso anatsikira pa chigongono changa. Anapukuta manja pa ovolosi, anatambasula dzanja, n'kumatula kanthu pa mkono wa bulauzi yanga. Kapulasitiki kaja. Kanandimatirira ndi pesiti wake, ndipo ndinayenda nako mpaka kushopu ndi kubwerera, msewu wonse ukuwerenga kuti chotsani musanamange.

Anavala magalasi. Anakakweza kudzuwa. Anawerenga mwakachetechete, milomo ikuyenda, chilembo chimodzichimodzi, ngati kalata yochokera kutali. Masaya awo ankanjenjemera pobisa kuseka. Ndinakonzeka. Ndinati anene za fizikisi, anene, ndilumphe mpanda ndikakhale kwa Mayi mpaka kalekale.

Nthawi yomweyo Asisi anatulukira ndi jumbo ya kumsika. "Ee, mwayamba kulankhulana? Ndiye vuto linali chiyani?"

Alamu anafumbata dzanja. "Fumbi, mayi. Ndinalipemerera kolakwika, linakadzaza pansi pa chitsulo."

Asisi anaika jumbo pansi kuti awakalipire ndi manja onse awiri. Munthu wamkulu kugwira zinthu za eni osapempha. Mwana wakhala osadya bwino sabata yonse. Ndinakuuzani ine. (Sanawauze. Anawagwirira chitseko.) Alamu ankangoti, "Ndalakwa, mayi. Ndamva, mayi." Ine nditaima pamenepo ngati mtengo wa magetsi.

Asisi atalowa, Alamu anandipatsa chubu. Kapulasitiki anakaika m'thumba la pachifuwa n'kumanga batani.

"Kadontho kamodzi," anatero.

"Ndikudziwa."

"Ndaona kuti mukudziwa. Munapaka bwino kwambiri."

Ndikanakonda akananditukwana.

Ndamanga. Pa 3.6, madigiri 58. Ndinayesa sikirini yanama. Ndakwera pang'onopang'ono ngati munthu wanzeru, 3.8, kuyesa theka la ola, 4.0, kuyesanso. Pa 4.2 yazima kamodzi, osati ndi kutentha, yangokana. Ndaisiya pa 4.1, voteji 1.28, maola awiri ikuthamanga osapitirira 72. Chitsulo ndikachigwira chikutentha bwino, ngati mphumi ya mwana wosewera.

Nthawi ya chakudya chamadzulo inakwana. Asisi anawapatsa Alamu kanyama kakang'ono kwambiri, mwadala, chachikulu n'kuika kwa ine. Iwo anadya kawo mwaulemu, akundiyang'ana.

Loweruka, 11 Okutobala

Itatsala pang'ono 2 koloko ndinamva mpando ukukwekwerezedwa pakhonde. Alamu, ndi kampando kawo ka kuntchito. Anakaika pamzere wa chitseko, kunja.

"Sindilowa. Ndingoyang'anira manambala a pakona apo. Inu muziyang'ana adani."

Sikirini ndinaipotoza pang'ono.

Gemu yoyamba ndinapambana. Pakati pa mabomba ndinkangomva kumbuyo, "66!" Kenaka, "68, wodwala ali bwino!" ngati namwino. Mayikolofoni inatola. Kaputeni anafunsa kuti ndani ameneyo. Ndinati ndi injiniya wanga. Zinangotuluka. Kumbuyo kunamveka, motsitsa, "69."

Yachiwiri Chipewa anandidya, ndivomereze, anandibisalira kuseri kwa galimoto yopsa ngati mbava. Alamu anati, "Ameneyu ndi wopanda mwambo." Yachitatu inatenga mphindi 40, utsi, mabomba, malo enieni amene Nkhalamba inkafera. Zithunzi zinayenda ngati madzi. "71! 72! 72 yomweyo! Mulumeni, Mavu!" Sindikudziwa kuti dzinalo analimva liti. Ndinamupeza Chipewa pa masitepe akusintha mfuti, n'kumugwetsa.

Kaputeni walemba: "Lachiwiri 4 koloko. Usachedwe." Chipewa watuluka pa gulu. Makandulo agule ake.

Madzulo pa tebulo Asisi anayambanso. "Mwaonatu, bambo? Chifumbi chanucho chikanamuphera mwana mwayi. Mupepese bwinobwino, ine ndikumva."

Alamu anaika supuni pansi, anakonza kolala, akutsegula pakamwa kuti apepese ndithu. Batani la thumba la pachifuwa lija likadali lomanga.

Ndinati, "Asisi, silinali fumbi."

Asisi anatembenuka. Alamu anakweza dzanja.

"Taimani kaye, Mlamu. Musayambe. Ndikatenge magalasi, izi ndikufuna ndizione bwino."