Matwita atsopano ndi mawu a bambo

Nathenje, Lachinayi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe.

Ndalama munatumiza zija ndinalandira Lolemba. Lachiwiri ndinapita ndi masipika awiri a malemu bambo kwa mmisiri wa mawailesi ku Mitundu. Anachotsa matwita akale, timasipika tating'ono ta pamwamba tija, n'kuikamo atsopano. Awiriwo anali K18,000, ntchito K5,000, ndipo ndinalipira zonse. Akalewo ndinawasiya komweko poyesa kuti ndi zinyalala.

Nditabwerako tinakhala pakhonde, ine, amayi ndi azakhali. Ndinaika kaseti ija bambo akutsogolera kwaya. Mawu anatuluka oyera, mpaka kupuma kwawo kumamveka, ndipo ine ndinakondwa. Amayi anamvetsera vesi imodzi yokha, nati, "Zimitsa, mwanawe. Amenewa si abambo ako. Mawu awo sanali akuthwa chonchi."

Achimwene, zaka zisanu ndi chimodzi amayi akhala akuwamvera m'masipika otha aja. Mawu amene akuwakumbuka ndi amenewo.

Lachitatu ndinabwerera ku Mitundu, kukatenga matwita akale aja, koma mmisiri anali atawaphwanya kale kuti achotsemo maginito.

Lero m'mawa ndawapeza amayi ataphimba masipika ndi chitenje chopinda kawiri kuti mawu asamveke akuthwa, kaseti ikulira. Andiuza chapansipansi, "Ayandikira, koma sanafike."

Chonde mukaimba foni musawafunse za masipikawa. Mulungu akusungeni, ndipo mukapeza matwita kumeneko mutitumizire awiri. Musagule atsopano. Mufune akale, otha ndithu.

Ine mlongo wanu,
Esinati