Lero Mudyere Nshawa Pampando

Batate ba Melody,

Musadabwe kupeza nyumba ili zii. Ndayesa kukuimbirani muli kumunda, foni yanu n'kulirira pansi pa pilo.

Ba Christine, nesi uja wa ku Mpanshya, andiimbira m'mawa uno. Akuti ku Lusaka kwapezeka dokotala woona ana amene amatupa akadya zakudya zina, ndipo khadi lathu la inshuwalansi la NHIMA amalandira, osati ngati madokotala awiri aja anatibweza. Koma amaona ana Lachinayi lokha, lomwe ndi lero, ndiye ndangobereka mwana n'kuthamangira basi kumsewu. Pepani, ndachoka osatsazika. Sindikufuna kumuonanso Melody atatupa milomo, mpweya ukumuthera, ngati tsiku lija ananyambita chiponde cha nshawa.

Tigona kwa mlongo wanu ku Chelstone, tibwera mawa. Mbuzi muzitsekere. Amayi anu akabwera ndi chigubu cha madzi a pakasupe wotentha wa ku Chinyunyu oti timusambitse mwana, mulandire ndi manja awiri, musayambe kutsutsana nawo.

China. Miyezi itatu yonseyi mwakhala mukudyera nshawa kuseri kwa nkhokwe ngati wakuba, kenako n'kusamba m'manja ndi kukamwa ndi sopo musanamunyamule mwana. Mumayesa sindikuonani? Ndawapempha ba Martha oyandikana nafe kuti akuphikireni chibwabwa, masamba a maungu otendera nshawa, kunyumba kwawo, abweretsa madzulo. Lero mwana kulibe, khalani pampando mudye ngati mwini nyumba. Mbale yokhayo mukabweze tisanafike.

Ndine wanu,
Amake Melody