Khadi la Duwa Loyera

MAYI STELIA MBEWE (ANAMBEWE)
Anabadwa mu 1949, anatisiya pa 14 Juni 2003

Amayi, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Zakwananso zaka zitatu chichokereni mwana wanu Lameki pa thiraki ya fodya yopita ku Lusaka, ndipo mpaka pano palibe kalata, palibe foni, ngakhale mphekesera chabe. Ndalemba ndine Sheila, mwana wanu woyamba, m'malo mwa onse. Mutikhululukire, chikumbutso chimafuna mawu ofatsa, koma ife mitima ili m'mwamba.

Tikakhala pakhonde timakumbukira tiyirumu yanu ya kufupi ndi boda, ndi makhadi aja a maluwa a rozi amene dalaivala wina wa ku Congo anakusiyirani atakomedwa ndi mandasi anu. Kabuku kofotokoza matanthauzo kanali ka m'Chifalansa, ndipo musanapeze wokuwerengerani, abambo athu, a Kefasi, anali atakamaliza kale popichira chingambwe. Munawakalipira sabata yathunthu, kenako munaseka mpaka misozi. Munati palibe kanthu, maluwawo mumawadziwa kale, poti muli mtsikana mumathirira marozi a masisitere ku Ludzi.

Ndiye matanthauzo munkawatenga m'mutu mwanu. Lofiira mumati n'chikondi, koma mtsikana akayamba kumwetulira mumamuuza kuti aone kaye minga ili kunsiko. Lachikasu linali nsanje ya mkazi mnzako. Losatumbuka linkati dikira, usapupulume. Loyoyoka masamba likatulukira mayi wa geni ya zitenje, mumamuuza kuti lero asawoloke, katundu akagwidwa. A kumphakati anakuitanani kuti mwayamba kuombeza maula, inu n'kuyankha kuti maula ake ati, awa ndi maluwa. Koma amene anakudzudzulani kwambiri tsiku limenelo tinawaona tokha akulowera khomo la kuseri, mwana wawo atachedwa kubwera kuchokera ku Chipata.

Khadi limodzi lokha simunkakonda kulimasulira, la duwa loyera. Kwathu kuno choyera ndi mwayi, munthu akamanyamuka timati njira iyere. Koma ku Ludzi maluwa oyera ndi omwe timalukira nkhata za pabokosi. M'mawa umene Lameki ankanyamuka, anakunyengererani mwanthabwala kuti mumutolere limodzi. Linatuluka loyeralo. Munaliyang'ana nthawi yaitali, n'kungoti chayera, basi. Iye anaomba m'manja, nakwera thiraki akuimba likhweru. Inu tsiku limenelo simunadye, makhadi simunawakhudzenso, ndipo pasanathe miyezi iwiri munadwala mutu umene unakutengani. Pamaliro anu Lameki sanaoneke.

Amayi inu, mawu amodzi okhawo atizunza! Abambo amati munanena za mwayi. Azakhali a Molly, alamu anu, nkhaniyi ikayamba amangowerama. Ine ndi Imelda, mkazi wa Lameki, tinayamba kusakaniza makhadiwo tokha Lamulungu lililonse tikachoka ku Misa, chitseko chotseka. Ankatuluka ofiira, achikasu, kawirikawiri losatumbuka lija. Loyera silinatulukepo n'kamodzi komwe, ndiye tinkalimbitsana mtima kuti ngati nkhata siikuoneka, munthuyo ali moyo.

Tsopano zafika povuta. Amalume ake a Imelda abwera kuchokera ku Chiosya, akuti mwana wawo sangakalambire pamphasa yopanda mwamuna. Akufuna timete maliro a Lameki, timusudzule Imelda, poti kumeneko kwapezeka munthu womufuna. Loweruka likudzali abweranso kudzamva yankho. Kuwada sitingawade, anenadi zoona. Koma kumeta maliro a munthu amene mwina akupuma, si kumuitanira imfa kumeneko? Nanga kumangirira mwana wa eni pa munthu amene mwina anaola kalekale m'tchire la ku Zambia, si tchimonso? Mdzukulu wanu Favour, mwana wa Lameki, wayamba sukulu chaka chino, ndipo thiraki iliyonse ikaima amathamangira kumsewu kukaona nkhope ya dalaivala. Abambo tulo anasiya, achepa ngati mwana.

Sabata yatha ndinati ndiliyang'anitsitse ndekha duwa loyeralo, mwina ndingaone chimene munaona. Ndinayala makhadi onse pamkeka, ndinatembenuza limodzilimodzi, ndinakutumula ndi kansalu komwe mumakulungira. Mulibe! Zaka zonsezi takhala tikudzitonthoza ndi makhadi opanda khadi lenilenilo. Kupusa kwathu ife! Imelda anangokhala pansi, manja m'mutu. Apo m'pamene azakhali a Molly analira mokweza n'kuulula. Akuti tsiku limene ankakusambitsani ndi amayi anzawo, anapeza mfundo yolimba pa ngodya ya chitenje chanu, paja mumamangapo fodya wa mphuno. Atamasula anapeza khadi lopindapinda, duwa loyera. Anaopa, analimanganso momwemo, ndipo munalowa nalo m'bokosi.

Ndiye tikufunseni, Anambewe, munalitengeranji? Kuyambira m'mawa uja mpaka tsiku lomaliza munali nalo m'chiuno, osauza munthu. Ife tikudziwa mmene munaliri. Mwana akadwala malungo mumapemphera mokweza kuti matendawo achoke pa iye abwere pa inu, ife n'kumakusekani. Tikuganiza kuti munaona nkhata, munailanda, n'kuivala nokha.

Loweruka tidzawauza a ku Chiosya zimenezo, kuti duwa loyera linagwa kale pa nyumba ino, linagwera inu, ndipo pa duwa limodzi sitingamete kawiri. Imelda wanena yekha kuti adikira mpaka mvula yoyamba. Kupitirira apo sitidzamugwira, ngakhale zitipweteke chotani.

Koma ngati talakwitsa, Amayi, ngati Lameki muli naye komweko, musatibisirenso monga munachitira m'mawa uja. Mutilotse usiku umodzi wokha, ine kapena abambo, kuti mwana wa eniyu timumasule apite. Ngati kulibe, mukankheni kumene aliko, mumuuze kuti mwana wake watha mapazi pamsewu.

Rozi loyera limene tinadzala kumutu kwanu tikuthirirabe, ngakhale tikulephera kuliyang'ana. Kukuiwalani ndiye ayi, Anambewe.

Ndife amuna anu a Kefasi, ana anu Sheila, Aleck ndi Enoki, mpongozi wanu Imelda, azakhali a Molly, mdzukulu wanu Favour, komanso Lameki, amene dzina lake talilemba pamodzi ndi amoyo.