Geofrey wajambula nyumba m'malo mwa mwana

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amayi ku Ntcheuko. Kuno ku Sunnyside, m'dziko la eni lino, tikudzuka ndithu, kungoti khanda lathu Enifa silikuyamwa bwino, sabata yachitatu ino.

Chithunzi cha mwana chimene Amayi anapempha kuti apachike pakhoma sindinatumize. Ndinapempha mwana wanu Geofrey, poti amayenda ndi kamera yachikale ya filimu, yoti suona chomwe wajambula mpaka akatsuke. Anatiimika panja pa fulati ola lathunthu, mwana ali pamphepo, akuti akudikira dzuwa liwale bwino pakhoma. Ndinati, "Asuweni, senderani pafupi." Iye akuti, "Musagwedezeke, mzere wa mawindowu ukukoma."

Dzulo wabweretsa chithunzicho. Malume, ndi nyumba yokhayokha, nsanjika khumi ndi ziwiri, chithunzi chake chakuda ndi choyera ngati cha pachiphaso cha Agogo. Ife tili pansi pakona ngati nyerere, Enifa ndi kadontho ka bulangete. Akuti limeneli ndi luso, anzake a ku Gezina, dera lina la mumzinda uno, ayamikira. Luso lanji losaona nkhope ya munthu? Nyumbayo imathawa? Eish, imeneyo idzakhalapo tonsefe titapita.

Chonde mumuimbire, inu amakumverani. Abwere Loweruka adzajambule nkhope yokha, dzuwa likhale pomwe lili. Lolemba a kuchipatala akuti tikagone ndi mwanayu komweko, ndipo timasaya take tikulowa tsiku ndi tsiku.

Amayi musawauze kaye zimenezi. Muwauze kuti chithunzi chikubwera.

Ndine mwana wanu,
Elson