Zala za a Natalia Pamwamba pa Nsalu

Chilomoni, Blantyre
Okutobala, 2022

Okondedwa alamu anga a Zelifa,

Musanawerenge, sambani m'manja, mupukute, ndipo mukhale pa mpando, osati pa mtondo. Amene akukulemberaniyu salinso Lolensi wa njinga yopanda mabuleki uja munkamuseka pa Nambuma. Tsopano ndine munthu wa pa intaneti. Dzina langa akulitchula mokhotetsa azungu a mayiko amene ngakhale abambo mfumu sanapondeko. Nkhuku za pakhomopo muziuziretu, zisadzandidutse kutsogolo ndikadzabwera.

Kodi muli bwanji kumudziko? Bondo lija likukulolani kupita ku Misa, kapena mukungomvera belu muli pakhonde? Ine kuno ndilipo. Mwana wanu Karolina akundisunga ngati dzira, mpaka shuga wa mu tiyi amachita kundiyezera. Chovuta ndi zitunda. Kuno kukagula mchere kokha kuli ngati Njira ya Mtanda, ndipo ine ndimagwa koposa katatu.

Ndayamba ndi nthabwala chifukwa mukundidziwa, koma chimene chandigwiritsa cholembera n'china. Nkhope ya akulu anu, malemu a Natalia, ikundithawa m'mutu, ndipo ndi inu nokha amene mungandithandize. Lolani ndifotokoze kuyambira kumutu.

Mutandisudzula maliro aja atatha, ndinachoka pamudzipo ndi chikwama cha zovala ndi chitini chija cha mabisiketi. M'chitinimo munali manegetivi, timafilimu takuda timene timatsala zithunzi zikatsukidwa. Ine ndinkangotisunga ngati mmene nkhalamba imasungira dzino loguluka. Karolina anatiunika pa windo, kenako anapita nato kwa anthu a makina, ndipo zithunzi zonse zinadzuka mu kompyuta. Ndinaona anthu a ku Kabudula amene tinawaika kalekale ali chilili, atavala masuti obwereka.

Mukukumbuka mmene tinkagwirira ntchito ija, eti? Ine kutsogolo ndi kamera, kasitomala pakati, akulu anu kumbuyo atakweza m'mwamba nsalu ija yojambulidwa ndege, iwo atabisala kuseri kwake. Chimene chinkaoneka ndi zala zawo pamwamba pa nsalu ndi mapazi pansi. Zithunzi zikabwera kotsukitsa ku Lilongwe ndinkatenga sizasi n'kudula m'mphepetemo, pakuti mnyamata amene akutumiza chithunzi kwa chibwenzi safuna zala za mkazi wa mwini pamutu pake. Koma negetivi sidulidwa. Zala zonse zinatsala m'chitini.

Karolina ndiye anati zithunzi zoterezi masiku ano ndi malonda. Anayamba kuziika pa Fesibuku. Kumeneko anthu anangotipatsa tizala toloza kumwamba, iye n'kumati chimenecho ndi chizindikiro choti akondwa. Ndinamufunsa ngati kuchigayo amalandira tizalato. Tinayesanso kuhotela ina kumene amagulitsa ziboliboli, koma kumeneko anati alendo amafuna mapiri ndi njovu. Ndinawauza kuti njovu imene ndinaijambulapo ndi imodzi yokha, a Laston a butchala pa Nsaru, koma sanaseke.

Kenako Karolina anapeza msika weniweni wa pa intaneti, wa zithunzi zokhazokha. Munthu ali kwawo kutsidya kwa nyanja amasankha chimene wachikonda, amalipira, ndipo amakamutsukira komweko. Eni msikawo amatapako gawo lawo, chotsala chimagwera mu foni ya Karolina. Alamu, malonda otere sindinawaonepo: wagulitsa mbuzi madzulo, m'mawa ukuipeza ili m'khola momwemo, n'kuigulitsanso.

Kuchokera pamenepo anatiitana mayi wina dzina lake Naomi, amene ali ndi nyumba yoonetsera ndi kugulitsira zithunzi m'tauni muno. Eni ake amati galale. Makoma ake ndi oyera ngati m'chipatala, ndipo khoma loti kwathu tikanapachikapo makalendala a zaka khumi iwo amaikapo chithunzi chimodzi. Mayiyu anaona zithunzi zanga zonse. Zimene ine ndinkanyadira, zowongoka bwino, anazikankhira pambali, n'kusankha zokhazo zooneka zala ndi mapazi. Ndinamupepesa, ndinati sizasi ndili nayo, ndikonza msanga. Anagwira pamtima ngati ndamuuza kuti ndimudula khutu. Anati zalazo ndiye chithunzicho, enawo angoimapo.

Tsiku lotsegulira chionetsero cha zithunzizo ndinavala jekete la pa ukwati wa Karolina. Anthu ankayenda pang'onopang'ono manja kumbuyo, ngati ogula fodya. Ine ndinalowa ndikuseka, ndikupatsa moni aliyense, kenako ndinakweza maso. Khoma lililonse linali ndi zala za akulu anu, atazikulitsa kuposa mmene zinalili.

Ena ankaona anyamata a wailesi paphewa ndi atsikana a nsapato zobwereka. Ine ndinkawerenga zaka pa zalazo. Apa mphete ikadali yolowa bwino. Apa chala chamangidwa kansanza, chaka chimene anadzitema ndi chikwakwa kudimba. Pali china chimene ndege ya pa nsalu yatupa pamimba, anthu n'kumati ndi mphepo, pamene ndi Karolina asanabadwe. Pomalizira pali zala zowonda, zogwira nsalu mopendekeka, phiko la ndege litagwera pansi. Tsiku limenelo ndinawauza akulu anu kuti akweze dzanja lamanzere, iwo anayankha kuseri kwa nsalu kuti ngati ndikufuna mzati ndikakwatire bulugamu.

Bambo wina wa magalasi anandifunsa kuti wagwira nsaluyo ndani. Ndinati ndi mngelo wa ku Nambuma, ankagwira ganyu kwa ine. Onse anaseka, inenso ndinaseka. Kenako ndinatuluka panja kukaona magalimoto, ndipo ndinawaona nthawi yaitali mpaka Karolina anadzandigwira pamkono.

Alamu, ndinajambula Nambuma yense, Kabudula, Nsaru mpaka Namitete. Ndinajambula maukwati, ana a Ukaristia woyamba, ngakhale ng'ombe za anthu. Koma akulu anu sindinawaimikepo kutsogolo kwa nsalu. Ndikati lero imani, ankati filimu ndi ya makasitomala, mkazi wa wojambula sathawa, adzajambulidwa mawa. Komanso akaima kutsogolo, nsalu agwira ndani? Tinkaseka n'kukwera njinga. Chakudza sichiimba ng'oma.

Mudzati chithunzi cha pa chiphaso chilipo. Chilipodi, koma amene ali pamenepo si iwo. Anawauza kuti asaseke, ndiye akuoneka ngati awagwira ndi nkhuku ya eni. Karolina ali ndi zina mu foni, koma anajambula kuchipatala, masaya atalowa, maso ali kutali. Tsopano ndikatsinzina, nkhope imene imabwera ndi ya kuchipatalayo. Yakale ija, yoseka, ndimaigwira pang'ono n'kundipulumuka. Dzulo ndinakhala pakhonde kuyesa kukumbuka kuti dzino lawo lobenthuka lija linali mbali iti. Ndalephera. Munthu amene ndinagona naye mphasa imodzi mpaka imvi.

Pempho langa ndi ili. Chilipo chithunzi chimodzi chokha chimene nkhope yawo inalowa. Chinali chaka chimene tinavota koyamba zipani zambiri, tsiku la msika pa Mpingu. Mnyamata wina wogulitsa usipa, dzina lake Paulo, wa mudzi wa kuseri kwa msikawo, anabwera kudzajambulitsa ndi njinga yake yatsopano. Nditati osaphethira, kamvuluvulu anafika n'kulanda nsalu, chala changa chili kale pa batani. Chithunzi chinatuluka Paulo ali ndi njinga yake, ndipo kumbuyo kwake akulu anu manja ali m'mwamba opanda kanthu, akuseka mpaka mano onse panja. Paulo anachitenga chomwecho, anati bola njinga yaoneka. Negetivi yake inali m'gulu lija linavunda denga litadontha.

Ndikudziwa kuti Mpingu si pafupi ndipo bondo lanu ndi la boma, limagwira ntchito likafuna. Koma pitani, kapena mutengane ndi wina wa njinga yamoto. Mukafunse za Paulo wa usipa, pano ayenera kuti ndi wa imvi. Ngati anatisiya, mukafunse ana ake. Akayang'ane pakhoma, m'masutukesi, ngakhale m'kati mwa buku la nyimbo. Musakawalande. Mukangobwereka, kapena wina akachijambule ndi foni n'kutumiza kwa Karolina. Mukawauze kuti chimenechi sichipita ku galale kapena pa intaneti. Zala agule, ndawalola. Nkhopeyo ndi yanga.

Akakana zonsezi, musakakangane nawo. Mukangochiyang'ana inuyo bwinobwino, ndipo mudzandiuze za dzino lija.

Musadandaule kwambiri za ine. Sabata yatha akulu anu anabwera kutulo, ali onenepa ngati kale, atavala chilundu chawo cha Chigwirizano cha amayi a Katolika. Anandikalipira kuti ndagulitsa zala zawo kwa azungu osawauza kuti ayambe awenga zikhadabo. Anafunsanso gawo lawo, ati ganyu ya mngelo siikhala yaulere. Tinaseka mpaka ndinadzuka.

Mundiperekere moni kwa amuna anu, muwauze kuti mkamwini mnzawo akuwakumbuka ndipo alimbe, asasudzulidwe msanga. Moni kwa malume a ana, kwa azakhali a kutsidya kwa dambo, kwa ana anu onse ndi zidzukulu, ndi kwa a mphakati wathu amene anatigwira dzanja pa maliro. Mukadutsa kumanda mukazule udzu mbali ya kumutu, kumamera chisoso. Karolina ndi amuna ake akupereka moni.

Ndatha ine mlamu wanu, mwamuna wanu wa mawa mukadzatopa ndi nkhalamba yanuyo,

Lolensi "Osaphethira" Kamtambe

Ndatsegulanso envelopu kuti ndiwonjezere mawu awa, pakuti kunamiza azungu n'kwina, kunamiza inu n'kwina. Zonse ndalembazi n'zoona, ngakhale za mbuzi yogulitsa kawiri. Koma za maloto zija ndapeka, ndimafuna museke. Sanabwere, alamu. Chiwaikireni sanabwerepo ngakhale kamodzi. Pitani ku Mpingu mvula isanayambe.