Akana kukatsukidwa magazi poopa mapaipi

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 58. Amuna anga, a Semesa, ankayendetsa lole yonyamula nzimbe mpaka impso zawo zinasiya kugwira ntchito zaka ziwiri zapitazo. Chiyambire pamenepo amapita kuchipatala katatu pa sabata kukatsukidwa magazi pa makina. Amakhala pampando maola anayi, magazi akutuluka n'kubwereranso kudzera m'timapaipi ta pulasitiki, iwo akumvera mpira wa ragibe pa wailesi. Sanadandaulepo.

Wabweretsa mavuto ndi msuweni wawo Peceli, yemwe amakonza mafiriji ndipo palibe chimene sadziwa. Lamlungu titaweruka kutchalitchi, azibambo ali pamphasa akumwa kava, chakumwa cha mizu cha kwathu kuno, anawaonetsa pa foni kuti mankhwala ofewetsera mapaipi aja amalowa m'magazi n'kupha mphamvu za umuna.

"Msuweni, iwe ukuti akukutsuka, anzako akukuthena pang'onopang'ono," anatero. Onse anaseka. Amuna anga sanaseke.

Lolemba m'mawa ndinawasitira malaya. Basi yopita kuchipatala inabwera, inaliza hutala, inapita, iwo ali kuseri akudyetsa nkhumba. Nditawafunsa anati, "Mayi a Torika, ine kumanda ndikafika ndili mwamuna wathunthu." Ndinawakumbutsa kuti tili ndi ana asanu ndi adzukulu khumi ndi mmodzi, ndipo palibe amene waitanitsa wina. Anati nkhaniyi si ya ana.

Aphungu, munthu ameneyu wasuta fodya zaka makumi anayi. Kumunda amamwera madzi m'chigubu chomwe munali mafuta a lole. Lero akuopa paipi.

Ajomba maulendo awiri tsopano. Mapazi atupa, nsapato sizikulowa, ndipo akakwera masitepe atatu apakhonde amaima n'kumanamizira kuyang'ana mitambo. Anamwino ataimba foni, bambowa anandiuza kuti ndinene kuti apita kumaliro mumzinda wa Suva. Ndinanenadi, chifukwa sindinazolowere kuwatsutsa anthu akumva. Pano ndikudziona ngati ndawagwirira fosholo okumba manda. Kodi za mapaipizi n'zoona? Nanga bambowa ndiwatani?

M.R., Labasa

Mayi M.R.,

Peceli sananame zonse, ndipo n'chifukwa chake wawakola amuna anu. N'zoona kuti mapaipi ena amafewetsedwa ndi mankhwala amene pang'ono pokha amatha kulowa m'magazi. Madokotala akhala akuziunika kwa zaka zambiri. Amene amawadera nkhawa kwambiri ndi makanda aamuna obadwa masiku asanakwane, ana amene akukula, ndi amayi oyembekezera. Bambo wa adzukulu khumi ndi mmodzi ali kutali kumapeto kwa mzere umenewo.

Chimene foniyo sinawauze n'chakuti poizoni woopsa ali kale m'thupi mwawo, ndipo akumupanga okha. Madzi ndi zoipa zimene impso zikanachotsa zikuunjikana, ndipo zikachuluka mtima umatha kuima osachenjeza. Apa sitikunena za zaka. Tikunena za masiku. Kutupa mapazi ndi kupuma mobanika ndi zizindikiro zoti zayamba kale.

Imbirani anamwino lero lomwe. Muwauze kuti bambo sanapite ku Suva, ali kuseri ndi nkhumba, ajomba kawiri ndipo atupa. Asadikire tsiku lawo, apite lero. Mukafika, pemphani kuti dokotala kapena namwino wamwamuna alankhule nawo paokha, inu muli panja. Afunse okha mtundu wa mapaipi amene amagwiritsa ntchito, komanso ngati alipo opanda mankhwalawo, chifukwa zipatala zina zili nawo. Si funso lopusa ndipo palibe adzawaseke.

Ndikukayikiranso kuti pali chimene chinayamba kuwavuta kuchipinda Peceli asanatsegule pakamwa. Matenda a impso pa okha amafooketsa mwamuna, ndipo ambiri amangovutika chamumtima. Zimenezi dokotala angathandizepo, koma amathandiza munthu amene wabwera. Inunso auzeni, muli awiri, kuti mukuwafuna iwowo m'nyumba muno mmene alilimo. Mwina sanamvepo mawu amenewa kwa inu.

Peceli musakangane naye. Mupempheni kuti ayendetse galimoto yowatengera kuchipatala. Amene anamangayo athandize kumasula.

Chenjezo langa ndi ili: akayamba kubanika atangokhala, kumva kupweteka pachifuwa, kufooka miyendo kapena kulankhula zosokonekera, musawafunsenso maganizo. Itanani anthu awanyamule. Akakukwiyirani kuti mwawaulula, musapepese. Asiyeni akwiye ngakhale mwezi wathunthu. Akufa sakwiya.

Aphungu